Mutu 5: Tsiku Limene Kamphepo Anasinthanitsa Nkhalamba

1. Nkhalamba yakana ntchito

Kompyuta ya m'shopu ya amayi ake a Kamphepo inali ndi dzina. Ankaitchula kuti Nkhalamba. Inalowa m'banjamo Kamphepo asanayambe n'komwe sukulu, ndipo tsopano mtsikanayo anali m'kalasi lachitatu ku sekondale.

Ukaiyatsa m'mawa, Nkhalamba inkayamba yalira ngati chigayo, kenaka n'kukhala chete ngati ikudzifunsa ngati kudzuka kuli ndi phindu. Amayi ankati akaiyatsa, amakasesa pakhonde, kupukuta zenera, n'kubwerera ikadali kudziwongola.

Shopuyo inali kachipinda kamodzi m'mbali mwa msewu. Munali tebulo, pulinta, mipando iwiri ndi benchi la odikira. Anthu ankabwera kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi mapangano a nyumba za lendi. Chakudya cha pakhomo, yunifolomu ya Kamphepo, ngakhale sopo, zonse zinkachokera pa tebulo limenelo.

Dzina loti Kamphepo anam'patsa ali wamng'ono chifukwa sankatha kukhala malo amodzi. Kuyenda kwake kunali kuthamanga. Akakhala pampando, mwendo unkangogwedezeka wokha.

Lachiwiri loyamba la holide, amayi ake anam'siyira tebulo kuti alembe kalata ya bambo wina, mlonda, amene ankafunsira ntchito pa fakitale yatsopano. Kufakitaleko makalata ankalandira mpaka 10 koloko m'mawa womwewo.

Kamphepo analemba mwaliwiro, zala zikuvina pa kiyibodi. Atangofika pa mawu oti "Ine wanu wokhulupirika", zonse zinaima. Anagwedeza kambewa koyendetsera kompyuta. Kamuvi ka pa sikirini sikanasunthe. Anadina apa, anadina apo. Zii.

"Zatha, mwanawe?" anafunsa mlonda uja, akuyang'ana wotchi.

"Pang'ono, bambo. Ikuganiza."

"Ikuganiza chiyani? Ntchitoyo ikufuna ndi iyo kapena ine?"

Anthu awiri a pa benchi anaseka. Kamphepo anamenya bokosi la kompyutayo ndi chikhatho. Sikirini inachita mdima, kalata yonse n'kupita.

Mlondayo sanakalipe. Anangotola pepala lake lolemba pamanja, n'kulipinda bwinobwino, n'kuwoloka msewu. Kutsidyako kunali shopu ina yolembera makalata imene inatsegulidwa miyezi iwiri yapitayo. Anthu a pa benchi aja anayang'anana, nawonso n'kudzuka.

Kamphepo anaima pazenera. Ankaona bwinobwino mnzake wa m'kalasi, mwana wa eni shopu ija, atakhala kumbuyo kwa sikirini yopyapyala ngati mbale. Pasanathe mphindi zisanu, mlonda uja anatuluka ndi kalata m'manja. Mtsikana wa kutsidyayo anakweza dzanja n'kumubayibitsa Kamphepo, akumwetulira.

2. Mawu a amayi

"Amayi, chinthu ichi chikutichititsa manyazi!" anatero Kamphepo, akuzungulirazungulira m'kachipindamo. "Tichitaye! Anthu atithera kutsidya uku tikuona."

Amayi ake anali atavala kale nsapato zotulukira. Tsiku limenelo anali ndi ulendo wa kuchipatala cha maso, chifukwa diso lawo lamanzere linali litayamba kuona chifunga. Anatsegula chikwama n'kutulutsa envulopu yakhaki.

"Khala pansi," anatero.

"Ndikumva ndili chiimire."

"Ndati khala pansi."

Kamphepo anakhala m'mphepete mwa benchi, mwendo ukunjenjemera.

"Mwana wanga, izi ndakhala ndikusunga chifukwa ndinaona kale kuti Nkhalamba yatopa. Zokonzetsera zikwana. Zogulira yatsopano ya m'sitolo sizikwana, ndinakafunsa kale. Za makompyuta ukuzidziwa ndi iwe, waphunzira kusukulu, ine ndimangodziwa kulemba basi. Ndiye ndikusiyira iwe nkhaniyi. Uitenge upite nayo kwa a Pulayazi, akaione. Akanena kuti ikonzeka, uwauze ayambe. Akanena kuti yatha, ubwere nayo, tidzakhale pansi.

"Koma tamvera, iwe. Vuto lako ndi limodzi: ukapsa mtima, miyendo imafika mutu usanafike. Lero wachita manyazi pamaso pa mnzako, ndakuona. Munthu wamanyazi amagula chilichonse chimene chingam'chotse manyaziwo msanga. Usakasankhe chinthu chifukwa choti wina wakubayibitsa.

"Chinanso n'ichi. M'bokosi umo si muli mawaya okha. Muli nkhani za anthu. Muli kalata ya mayi amene anathawa nkhanza kwa mwamuna wake, ndipo m'kalatamo analemba kumene akukhala tsopano. Muli za matenda a anthu. Muli manambala a ziphaso zawo. Anthu amenewo anakhala pa benchi wakhalapo iweyo, n'kundiuza zimene sanauze ngakhale abale awo. Zaka zonsezi palibe amene anamva nkhani yake kunja. N'chifukwa chake ena amabwerabe kuno ngakhale Nkhalamba ikuchedwa. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mutu?"

"Ndi zonse."

Amayi anam'yang'ana kwa kanthawi ndi diso labwinolo, n'kum'patsa envulopu ija.

"Ndibwera cha m'ma 4 koloko," anatero, n'kutuluka.

Asanafike n'komwe pokwerera basi, Kamphepo anali atazula kale mawaya onse. Anakulunga bokosi la Nkhalamba m'nsalu ya patebulo, analikumbatira pachifuwa, anakhoma chitseko, uyo.

3. Kwa a Pulayazi

A Pulayazi anali katswiri wokonza mawailesi, ma TV ndi makompyuta. Dzinalo anawapatsa chifukwa m'thumba la malaya awo simunkasowa pulayazi, ngakhale popita ku ukwati. Malo awo anali kuseri kwa sitolo ya matayala, ndipo munali modzaza zinthu zakufa mpaka kudenga.

"Eee, Nkhalamba yabwera kudzandiona!" anatero, akusuntha ziwiya patebulo. "Ikani apa, mayi wamng'ono. Mwathamanga nayo? Mukupumira m'mwambatu."

"Yafa, bambo. Ingondiuzani kuti yafa."

"Dokotala sanaione, inu mwalengeza kale maliro?"

Anamasula masikuluwu mmodzimmodzi, aliyense n'kumuika m'kachitini. Kamphepo ankayenda kuchoka pakhomo kufika patebulo, kuchoka patebulo kufika pakhomo. Chivindikiro chitachoka, a Pulayazi anaimba mluzu. M'katimo fumbi linali litaundana ngati thonje. Kafani koziziritsa kanali katatsekeka mapiko onse.

"Taonani. Inuyo atakutsekani mphuno ndi pakamwa, n'kukuuzani kuti muthamange, mungafike pati? Ikatenthedwa imazima kuti isapse. Imeneyo si imfa, ndi nzeru."

Anaipemerera ndi pampu ya njinga. Fumbi linati tolo, onse awiri n'kuyamba kuyetsemula. Kenaka analumikiza mawaya, anaiyatsa, n'kukhala akuyang'ana manambala pa sikirini yawo, chala chili pachibwano.

"Bwerani muone. Kathabwa aka ndi ramu. Ramu ili ngati tebulo logwirira ntchito. Lanu n'laling'ono, mukaikapo mabuku awiri ladzaza. Apa pali malo opanda kanthu, tikhoza kuwonjezera kena, tebulo likule. Ichi ndi diski, kabati yosungira zonse zimene mwalemba. Yanuyi ndi yachikale, m'kati muli kambale kozungulira, n'chifukwa chake imalira ngati chigayo. Ziliko zamakono zosazungulira. Tikaika imeneyo, n'kusamutsiramo makalata anu onse, muzidzati mukaiyatsa, musanakhale pansi yayaka."

"Ndiye idzafanana ndi ya kutsidya?"

"Ayi."

Kamphepo anaima.

"Sindingakunamizeni, mwana wanga. Bolodi lalikulu ili, limene zonse zakhalapo, n'lakale. Lili ndi malire ake. Mukafuna kumakonza mafilimu kapena masewera a masiku ano, musataye ndalama, silingathe. Ndiye ndikufunseni: kompyutayi mumafuna izichita chiyani?"

"Kulemba makalata. Makadi. Kupulinta."

"Basi? Ndiye ikhoza kukutumikirani zaka ziwiri, mwina zitatu. M'zaka zimenezo muzisunga pang'onopang'ono, tsiku lina mudzagule yatsopano m'sitolo, yokhala ndi risiti ndi pepala la chitsimikizo. Anthu ambiri amabwera kuno atataya chinthu chabwino chifukwa cha kafani kotsekeka. Enanso amabwera atathira ndalama m'chinthu choti chinatha kalekale, chifukwa chongochikonda. Onsewo amalakwa pa chinthu chimodzi: sayamba afunsa kuti chadwala n'chiyani, ndipo iwo akufuna chiyani. Inu mwafunsa, ndakuyankhani. Yanuyi ndi yokonzeka."

"Ndiye konzani pompano."

"Zipangizo ndilibe. Ndiitanitse, zifika Lachisanu."

"Lachisanu!" Kamphepo anawerenga zala. "Bambo, pofika Lachisanu tidzakhala tilibe kasitomala ndi mmodzi yemwe!"

"Masiku atatu sanatsekepo shopu ya munthu. Fumbi ndachotsa, kuzima kuja isiya. Izichedwa monga kale, koma izilemba. Pitani nayo, muzigwiritsa ntchito mofatsa. Ndiitanitse?"

Kamphepo analuma mlomo.

"Ndikaganize kaye."

"Kuganiza n'kwabwino," anatero a Pulayazi, akubwezera masikuluwu. "Koma muganize mutakhala pansi. Ndipo mawu awa mupite nawo: kompyuta ikatsika mtengo modabwitsa, mufunse kumene yachokera. Wogulitsa akakwiya ndi funso limenelo, mutembenuke muzipita."

4. Madilu

Dzuwa linali pamutu. Bokosi lija linkalemera kwambiri pobwerera kusiyana ndi popita. Atafika pokwerera mabasi, Kamphepo analitula pa kampanda kuti apumitse manja.

"Sisi, mwanyamula bokosi la maliro masana ano?"

Amene analankhulayo anali mnyamata wamkulu ndithu, wovala magalasi akuda ndi tcheni m'khosi. Ankagulitsa makava a foni pa katebulo. Kamphepo ankamuona pamenepo masiku ena, ndipo ankamva anthu akumuitana kuti Madilu.

"Ndi kompyuta," anayankha mwachidule.

"Imeneyo? Inali kompyuta agogo anga ali anyamata. Mwachokera kwa madala aja a pulayazi eti? Akuuzani kuti akonza? Amatero kwa aliyense. Lero ramu, mawa diski, mkuja waya. Muzingopita ngati kuchipatala. Bwanji osangotenga yatsopano?"

"Ndalama zake sizikwana."

"Za m'sitolo sizingakwane, inde. Koma ine ndili ndi katundu. Tiyeni mungoona. Kuona n'kwaulere."

Kamphepo anayang'ana msewu wopita kushopu. Anayang'ana Madilu. Ananyamula bokosi lake n'kumutsatira.

Anadutsa kanjira kopanikiza pakati pa masitolo awiri, n'kulowa m'kachipinda kopanda zenera. Munali matiresi woimika kukhoma ndi makatoni. Madilu anavundukula bulangeti pakona.

Kamphepo anapuma mokoka. Inali kompyuta yakuda, yonyezimira, bokosi lake laling'ono ngati buku lalikulu. Sikirini yake inali yopyapyala kuposa ya kutsidya ija, ndiponso yotambalala.

Madilu analumikiza mawaya n'kudina batani. Sipanamveke phokoso lililonse. Nthawi yomweyo sikirini inawala, chizindikiro cha fakitale imene inaipanga chikuyandama pakati.

"Mwaona liwiro?" anatero, n'kuzula pulagi kukhoma. "Basi, eni nyumba amandiwerengera magetsi. Zina mukaonera kwanu."

"Katoni yake ili kuti?"

"Katoni mukalembera kalata?"

"Nanga risiti?"

"Sisi, risiti ndi imene imakweza mtengo m'sitolo. Mukufuna pepala kapena kompyuta?"

"Mwaitenga kuti?"

Madilu anavula magalasi. Nkhope yake inasintha.

"Mwabwera kudzagula kapena kudzandizenga mlandu? Ndi ya achimwene anga, apita kunja. Ngati simukufuna, chitseko ndi icho."

Kamphepo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Anagwira bokosi la Nkhalamba. Madilu anaona, ndipo anaseka mofewa.

"Aaa, musakwiye, ndimangocheza. Ndi ya shopu iti? Ija ya makalata? Ndiye mwachita mwayi. Bambo a shopu ya kutsidya kwanu anaiona dzulo. Akufuna ikhale yachiwiri. Akubwera 2 koloko ndi ndalama."

"Yachiwiri?"

"Eya. Akuti akufuna msewu wonse ukhale wawo."

Mwendo wa Kamphepo unayamba kugwedezeka. Anatulutsa envulopu ija. Madilu anasuzumiramo, n'kupukusa mutu.

"Zachepa. Koma poti ndinu mlongo wanga, onjezerani chibokosi chanucho. Ndikagulitsa zitsulo zake."

"Muli makalata a anthu umu."

"Ndiwatani ine makalata? Sindikonda n'kuwerenga komwe. Mawa mubwere ndi fulashi, mudzakoperemo makalata onse, zotsalazo tidzafufute limodzi. Nayi nambala yanga."

Analemba nambala pa kachidutswa ka katoni. Kamphepo anakayang'ana. Anayang'ana Nkhalamba, yokandikakandika, yomatidwa tepi pakona. Anayang'ananso yakuda ija.

"Nthawi ili bwanji?" anafunsa.

"Yatsala pang'ono kukwana 2."

Kamphepo anamasula nsalu ya patebulo ija, n'kukankhira Nkhalamba kwa Madilu, envulopu ija ili pamwamba.

5. Yatsopano

Pobwerera sanamve kulemera. Bokosi laling'onolo analikulunga m'nsalu, sikirini anaipanira m'khwapa. Atafika pakhomo la shopu anachedwa dala potsegula loko, kuti mnzake wa kutsidya aone bwino. Mtsikanayo anaonadi. Anaimirira, n'kufika mpaka pakhomo la shopu yawo, manja ali m'chiuno.

Tsopano Kamphepo ndi amene anabayibitsa.

Anasesa m'chipinda monse. Anapukuta tebulo kawiri. Sikirini yakale, yamimba ngati mtsuko, anaitsitsa n'kuikankhira pansi pa benchi. Anaika yatsopano pakati penipeni pa tebulo, n'kuitembenuza pang'ono kuti odutsa mumsewu aziiona. Analumikiza kiyibodi, kambewa ndi pulinta. Anatenganso choko n'kulemba pa bolodi la panja kuti: TSOPANO MWACHANGU!

Kenaka anakhala pansi, anapukuta manja m'siketi, n'kudina batani.

Sikirini inawala. Chizindikiro cha fakitale chinabwera, n'kuchoka. M'malo mwake munabwera chithunzi chachikulu, chodzaza sikirini yonse. Pansi pake panali kabokosi koyera kofunsa pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira.

Kamphepo sanayang'ane kabokosiko. Maso ake anali pa chithunzi.

Anali mayi wovala magalasi, atanyamula khanda, akuseka. Kamphepo ankawadziwa magalasi amenewo. Ankaudziwa mpata wa m'mano umenewo. Ankaziona Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu lililonse kutsogolo kwa kalasi. Anali aphunzitsi ake a masamu.

Sabata yotsekera sukulu, ahedi anaima pamzere n'kulengeza kuti akuba anathyola nyumba ya aphunzitsiwo iwo ali kuntchito. Anati nkhani ili kupolisi, ndipo aliyense amene angamve kanthu akanene. Tsiku limenelo aphunzitsi a masamu anaphunzitsa maso ali ofiira, ndipo anauza kalasi kuti zithunzi zonse za mwana wawo kuyambira tsiku lobadwa zinapita ndi kompyuta imene akubawo anatenga.

Kamphepo anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. Anazima sikirini. Anaiyatsanso. Aphunzitsi anali pomwepo, akusekabe.

Anapisa m'thumba, anatulutsa kachidutswa ka katoni kaja, n'kuimba nambalayo pa foni ya m'shopu. Mawu a mzimayi anamuuza kuti nambala imeneyo kulibe. Anaimbanso, akuwerenga nambala imodziimodzi mokweza. Yankho linali lomwelo.

Anakhoma chitseko n'kuthamanga. Pokwerera mabasi, pamalo pamene panali katebulo ka makava a foni panali mayi wogulitsa malalanje.

"Mayi, Madilu ali kuti?"

"Ameneyo? Wapakira katundu mu takisi posachedwapa. Amabwera, amapita. Mwina mwezi wamawa."

Kamphepo analowa m'kanjira kopanikiza kaja. Chitseko cha kachipinda chinali chotsegula. Munalibe matiresi, munalibe makatoni, munalibe Nkhalamba. Pansi panali bulangeti lokha.

Anabwerera akuyenda. Anthu amene ankamudziwa anatembenuka kumuyang'ana, chifukwa anali asanamuonepo akuyenda pang'onopang'ono chotero. Atafika pashopu anafufuta mawu a pa bolodi aja ndi chikhatho, n'kulowa. Anadzutsa mpando. Anatenga nsalu ya patebulo kuti aphimbe sikirini.

Asanaphimbe, pakhomo panagwa mthunzi.

Amayi ake anaima pamenepo, diso lamanzere litamatidwa thonje ndi pulasitala, chikwama chili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali mayi wina wamanyazi, wofunda mpango mpaka m'masaya.

"Ndakumana ndi mayiwa panjira," anatero amayi. "Akufuna kope la kalata imene tinawalembera mwezi watha, mawa akaonetse kukhoti. Tawatsegulira msanga, iwe. A Pulayazi akuti bwanji?"

Kamphepo anatembenuka. Nsalu ija inagwa pansi.

Amayi analowa. Anaima kutsogolo kwa tebulo. Anayang'ana pansi pa tebulopo, pamene Nkhalamba inkakhala zaka zonsezo, pomwe tsopano panali chidindo choyera pa simenti. Kenaka anawerama, n'kuyandikiza diso labwinolo pa sikirini.

"Kamphepo," anatero motsitsa mawu. "Kodi awa si aphunzitsi ako?"